Tiyeni tidziyese: mutu wanu ungasunge mawu angati kwa mphindi imodzi?

Chisale: Moni nonse pagulu. Tinagwirizana kuti mlungu uno tikambe za kuiwalaiwala, ndiye ndisanalankhule zambiri ndikufuna aliyense ayambe wadziyesa. Pansipa pali mawu 15. Awerengeni kamodzi kokha, liwu limodzi pa masekondi awiri aliwonse, kenako tembenuzani foni, tengani pepala mulembe onse amene mukuwakumbukira, ngakhale osatsata mndandanda wake. Ngati muli ndi wina pafupi, iyeyo akuwerengereni mokweza, ndiye bwino kwambiri.

khasu, mtsinje, nsapato, belu, mbuzi, sopo, chitseko, mwezi, singano, galasi, nthochi, utsi, njinga, kalata, mchere

Mukatha mutiuze mwapeza angati, komanso ndi ati. Chachiwirichi ndiye ndikuchifuna kwambiri.

Nabanda: Ine 7. Khasu, mtsinje, nsapato, mbuzi, njinga, kalata, mchere. Apakatiwo achita kufufutika.

Mphatso: 9 aphunzitsi. Khasu, mtsinje, nsapato, belu, mwezi, utsi, njinga, kalata, mchere.

Mayi a Tadala: Ine 6 basi, ndipo zandidetsa nkhawa. Kodi n'zabwinobwino zimenezi?

Gondwe wa ku Joni: 8. Ndaona kuti dzanja langa linathamangira kulemba omalizira poyamba, mchere, kalata, njinga, kenako ndiye ndabwerera kwa khasu.

Chisale: Mayi a Tadala musade nkhawa. Pa mndandanda wotere, mwaumva kamodzi kokha, munthu wamkulu wathanzi lake kupeza 6 kapena 7 n'zachizolowezi. Koma taonani mayankhowa. Aliyense wagwira khasu ndi mtsinje, aliyense wagwira kalata ndi mchere, koma singano ndi galasi palibe wawatchula. Bennet Murdock anaziyeza zimenezi mu 1962 powerengera anthu mindandanda yotalika mosiyanasiyana, ndipo zinkatuluka chimodzimodzi: oyamba ndi omaliza amakumbukika, apakati amagwa.

Zifukwa zake n'ziwiri zosiyana. Mawu oyamba aja mumawabwereza chamumtima kangapo mutu usanadzaze, ndiye amakhala ayamba kale kukhazikika. Omaliza sanakhazikike ayi, amakhala akungomvekabe m'mutu ngati wangowalankhula kumene. N'chifukwa chake a Gondwe anathamangira kuwalemba, ndipo anachita bwino, akanachedwa pang'ono akanawataya. Mukafuna kutsimikiza, muyese wina kunyumba: muwerengereni mawu omwewa, koma asanalembe awerenge manambala chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 100, azidumpha atatuatatu, 97, 94, 91, kwa masekondi 30.

Mayi a Tadala: Ndawayesa bambo akunyumba. Khasu, mtsinje ndi nsapato awapeza, koma mchere ndi kalata asoweratu. Akuti ndawasokoneza dala ndi masamuwo.

Chisale: Akunena zoona, ndipo cholinga chake n'chomwecho. Glanzer ndi Cunitz anachita zimenezi mu 1966, anapeza kuti masekondi 30 owerenga manambala amafafaniza mwayi wonse wa mawu omalizira, pamene oyamba aja sagwedezeka. Apa ndi pamene pamaonekera kuti tili ndi kukumbukira kwa mitundu iwiri. Kwina n'kwa kanthawi kochepa, kosunga zimene wangomva kumene, ndipo kumadalira kuti uzizibwereza. Kwina n'kokhalitsa.

Nabanda: Aphunzitsi mwatchula zimene zimandichitikira tsiku ndi tsiku mugolosale. Kasitomala watchula shuga, sopo, machesi, mafuta, mchere, ine ndatembenuka kuti nditenge, wina pakhomo wafunsa kuti mazira ndi zingati. Ndikangoyankha, zisanu zija zatsala ziwiri. Ndimaganiza kuti ndi ukalamba ukubwera.

Chisale: Si ukalamba mayi. Lloyd ndi Margaret Peterson ku Indiana University mu 1959 ankapatsa ophunzira achinyamata zilembo zitatu zokha, n'kuwauza kuti aziwerenga manambala chobwerera. Pakadutsa masekondi 18, pa maulendo khumi aliwonse ankazikumbukira pafupifupi kamodzi kokha. Zilembo zitatu, anyamata a ku yunivesite. Wofunsa mtengo wa mazira uja ndiye manambala obwerera anu. Chothandiza n'chapafupi: kasitomala akatchula, bwerezani mokweza nthawi yomweyo, ndipo wa mazirayo adikire kaye mpaka katundu afike pakauntala.

Mphatso: Ife tinaphunzira kukoleji kuti munthu amasunga zinthu 7, kuwonjezera kapena kuchotsapo ziwiri. George Miller, 1956. Ndiye ine ndi 9 yanga ndili pamwamba penipeni.

Chisale: Miller analembadi zimenezo Mphatso, koma 9 yakoyo si yonse yachokera m'kukumbukira kwa kanthawi. Khasu ndi mtsinje zachokera kokhalitsa kuja. Ndiponso Nelson Cowan mu 2001 anaonanso kafukufuku wambiri, n'kunena kuti munthu ukamuletsa kubwereza ndi kuphatikiza zinthu, zimene amagwira zimakhala pafupifupi zinayi basi. Chimene Miller anatsindika kwenikweni, chimene ambiri amachidumpha, n'choti mutu suwerenga zinthu chimodzichimodzi, umawerenga magulu. Zilembo M, A, L, A, W, I ndi zisanu ndi chimodzi kwa mwana amene sanayambe kuwerenga, koma kwa iwe ndi chinthu chimodzi.

Nabanda: Ndiye zili ngati tomato. Ndikamatseka madzulo sindiwerenga mmodzimmodzi, ndimawerenga miulu.

Chisale: Ndi zimenezo. Taganizirani tokeni ya magetsi. Ili ndi manambala 20, palibe angaigwire yonse atangoiona kamodzi, n'chifukwa chake imalembedwa anayianayi, uwerenga gulu limodzi, utayipa pamita, ubwerera. Nambala ya foni ili ndi manambala 10, koma oyambirira aja, 0999 kaya 0888, timawadziwa kale ngati chinthu chimodzi, ndiye ntchito imatsala pa otsatirawo.

Gondwe wa ku Joni: Pa nkhani ya manambala ndili ndi funso. Kuno ndikapatsana nambala ndi Mmalawi mnzanga, nkhani yonse tikhala tikucheza Chichewa, koma pofika pa nambala tonse timalowa Chingerezi. Ngakhale agogo kumudzi amene sukulu sanapite amati ziro naini naini. Mnzanga wina amati ndi kudzinyoza. Ine ndimaona ngati pali china.

Chisale: Sukulu ndi ndalama zili ndi gawo lake, poti masamu ndi mitengo tinazizolowera m'Chingerezi. Koma chinanso chilipodi. Alan Baddeley ndi anzake mu 1975 anapeza kuti munthu amasunga mawu ochuluka mofanana ndi amene angathe kuwatchula m'masekondi awiri kapena kucheperapo. Ndiye kuti choyezera si kuchuluka kwa mawu kokha, komanso kutalika kwake. Tsopano tchulani 7: seveni, maphatikizo atatu. M'Chichewa zisanu ndi ziwiri, maphatikizo asanu ndi awiri. Ukatchula 9, 7, 8 m'Chichewa masekondi awiri aja atha usanafike pa nambala yachitatu, ndiye mawu akuti zisanu akubwerabwera paliponse n'kumakusokoneza. Ku Wales, Ellis ndi Hennelly mu 1980 anayesa anthu olankhula zinenero ziwiri, n'kupeza kuti anthu omwewo amagwira manambala ambiri m'Chingerezi kusiyana ndi m'chinenero chawo cha Welsh, poti manambala a Welsh amatenga nthawi kuwatchula. Olankhula Chitchaina amaposa onsewa, amafika cha m'ma 9, poti manambala awo ndi aafupi kwambiri.

Yesani nokha. Choyamba awa, motsatana:
galu, moto, dzira, nyumba, mpeni, thumba
Kenako awa:
bilimankhwe, mpendadzuwa, chiwombankhanga, nankafumbwe, chipolopolo, chiphalaphala

Mphatso: Oyambawo onse 6 motsatana. Achiwiriwo ndakakamira pa nankafumbwe.

Chisale: Ndipo pali msampha wina, mawu omveka mofanana. Mbale, mbala, mbewu, mbewa, mbiya, mbiri. Ndi aafupi onse, koma kuwatchula motsatana n'kovuta, chifukwa mutu umasunga kamvekedwe kake, osati maonekedwe. Conrad anaziona mu 1964: anthu ankaonetsedwa zilembo zolembedwa, koma polakwitsa ankasinthanitsa zomveka mofanana, monga B ndi P, osati zooneka mofanana.

aMbewe opuma: Ndakhala ndikungowerenga. A Chisale, ngati zili choncho ndiye pali chinthu chimene chikundikhudza ngati munthu amene ndaphunzitsa ana aang'ono moyo wanga wonse. Mwana amene wangoyamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi, mphunzitsi akamupatsa malangizo atatu m'chiganizo chimodzi, mwanayo amagwira loyamba lokha. Timati ndi wosamvera kapena wogona. Chonsecho liwu lililonse lachilendo kwa iye si chinthu chimodzi, ndi tizidutswa tambiri, ndiye mutu wadzaza kale chiganizo chisanathe.

Chisale: Abambo mwaigwira pamutu penipeni. Liwu limene ukulidziwa bwino limatenga malo ochepa. Mwana yemweyo mukamuyesa ndi mawu a Chichewa apeza ambiri, mukamuyesa ndi Chingerezi apeza ochepa, koma mutu ndi womwewo. Ndiye aliyense wofuna kuyesa mwana wake kunyumba, ayese m'chinenero chimene mwanayo amalankhula akamasewera.

Mphatso: Chabwino, koma funso lalikulu ndi lakuti tingawonjezere bwanji. Ine ndili ndi app pafoni, imandipatsa timasewera tokumbukira mawu ndi timabokosi tsiku lililonse, ndipo mapointi anga akukwera. Poyamba ndinkalephera levo 4, pano ndadutsa patali. Si umboni umenewo?

Chisale: Ndi umboni woti ukudziwa bwino masewerawo. Funso n'lakuti kodi zikukuthandiza m'kalasi, kapena pamene amayi akutuma zinthu zisanu ndi zitatu kumsika. Mu 2010 Adrian Owen ndi anzake, mogwirizana ndi BBC, anayesa anthu 11,430 amene anachita masewera olimbitsa ubongo pa intaneti kwa milungu isanu ndi umodzi. Anthuwo anakwera pa masewera amene ankachitawo, koma atawapatsa mayeso ena oyeza luso lomwelo, sanapose anzawo amene ankangofufuza mayankho a mafunso wamba pa intaneti. Mu 2016 kampani yopanga masewera olimbitsa ubongo otchedwa Lumosity inalipira madola 2 miliyoni ku bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, chifukwa cholonjeza anthu zinthu zopanda umboni, monga kuti masewera ake amateteza ku matenda oiwalaiwala. Sindikuti ufufute app, ngati ikukusangalatsa sewera. Koma usalipire ndalama poganiza kuti ikukulitsa mutu.

Mphatso: Ndiye mukutanthauza kuti palibe chimene munthu angachite? Nanga anthu amene amaloweza manambala mahandiredi pa mipikisano aja?

Chisale: Chilipo, koma si chimene ambiri amaganiza. Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya mnyamata wina wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, ku America, amene m'kafukufuku wa Ericsson ndi Chase wa 1980 amatchedwa S.F. Poyamba ankagwira manambala 7 ngati wina aliyense. Atayeserera kwa maola opitirira 230, anafika pa manambala 79, atangowamva kamodzi. Anachita bwanji? Anali wothamanga mipikisano, ndiye ankasandutsa manambala kukhala nthawi za othamanga. Akamva 3492, iye ankati mphindi 3 ndi masekondi 49.2, pafupi ndi rekodi ya dziko lonse pa mtunda wa mailo imodzi. Manambala anayi asanduka chinthu chimodzi chimene akuchidziwa kale. Koma tamverani izi. Atamupatsa zilembo m'malo mwa manambala, anabwerera pa 6. Malo a m'mutu mwake sanakule ngakhale pang'ono. Chimene anaphunzira ndi kumangirira zatsopano pa zimene anali nazo kale, mwachangu.

Ine ndimakhulupirira kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kukumbukira kwa kanthawi n'kopapatiza kwa tonse, ndipo kulimbana nako kuti kukule n'kudzitopetsa. Nzeru ndi kuphunzira kudutsitsa mawu msanga kuti akafike kokhalitsa kuja.

Gondwe wa ku Joni: Izi ndikuzimvetsa chifukwa cha ntchito yanga. Ndimagwira mu lesitilanti, ndipo malo athu sakonda kuti uzilemba pamaso pa alendo. Tebulo la anthu asanu ndi mmodzi, aliyense chakudya chake, chakumwa chake, wina akuti nyama ipse kwambiri, wina asaike anyezi. Sindiloweza ngati mndandanda ayi. Ndimayambira munthu wa kumanzere kwanga, ndipo chakudya ndimachiika pa munthuyo m'maganizo. Mayi wa mpango wofiira akati nsomba, ndimaiona nsomba itagona pa mpangowo. Bambo wa magalasi akati nkhuku yopanda tsabola, ndimaona nkhuku itavala magalasi ake ikukankha botolo la tsabola. Ndikafika pa kompyuta ya kukhitchini ndimangozungulira tebulo lija m'mutu, mpando ndi mpando. Koma tsiku lina atangosinthana mipando ndisanabweretse chakudya, zimandivuta kwambiri.

Chisale: Achimwene, njira imeneyo ndi yakale zedi, Agiriki ndi Aroma ankaigwiritsa ntchito poloweza zokalankhula pagulu. Cicero, mlembi wa ku Roma, analemba kuti anaiyambitsa ndi mlakatuli Simonides, ndipo nkhani yake ndi ya patebulonso: denga litagwera anthu paphwando, iye anatha kutchula omwalirawo pokumbukira pamene aliyense anakhala. Mu 2017 Martin Dresler ndi anzake anaphunzitsa njirayi anthu wamba, theka la ola patsiku kwa milungu isanu ndi umodzi. Pa mndandanda wa mawu 72, poyamba ankapeza pakati pa 26 ndi 30. Atatha maphunziro anawonjezera mawu pafupifupi 35. Gulu lina limene linkachita masewera olimbitsa kukumbukira kwa kanthawi, ofanana ndi a pa app ya Mphatso, linawonjezera 11, pamene amene sanachite kalikonse anawonjezera 7 chifukwa chongozolowera mayesowo.

Mayi a Tadala: Tifotokozereni pang'onopang'ono kuti ndikamuonetse Tadala. Ali Sitandade 8, amavutika ndi zinthu zoloweza motsatana.

Chisale: Asankhe njira imene amaiyenda tsiku lililonse, monga kuchoka pakhomo kupita kusukulu, n'kusankha malo khumi osasinthasintha: chitseko, thandala, mtengo wa mango, mjigo, chigayo, mlatho, choncho. Ayambe waloweza malowo mpaka aziwatchula osaganiza. Kenako chinthu chilichonse chofuna kukumbukira achiike pa malo amodzi, koma chizichita kanthu kodabwitsa. Tinene kuti akuloweza mitsinje: Songwe, Bua, Linthipe, Shire, Ruo. Pachitseko aone songo itadzizinga pa chogwirira, imeneyo ndi Songwe. Pathandala aone galu akuuwa mbale zikugwa, Bua. Pamtengo wa mango apachike chithunzi china chimene iye mwini angachipeze cha Linthipe. Ndikutsindika mawu akuti iye mwini, chifukwa chithunzi chopatsidwa ndi wina sichigwira ngati chodzipangira.

Njira yachiwiri ndi kulumikiza mawu kukhala nthano. Bower ndi Clark ku Stanford mu 1969 anapatsa ophunzira mindandanda 12, uliwonse wa mawu 10. Gulu lina linkapanga kankhani ndi mawuwo, lina linkangoloweza. Atawafunsa mndandanda uliwonse nthawi yomweyo, magulu onse anakhoza pafupifupi onse, panalibe kusiyana. Koma kumapeto atawafunsa mindandanda yonse 12, opanga nkhani anakumbukira mawu 93 pa 100 aliwonse, oloweza wamba 13 okha. Ndiye musaweruze njira poona zotsatira za nthawi yomweyo.

Che Jafali: Salaam nonse. Ine ndikufuna kutsutsako pang'ono. Ku madrasa kwathu ku Mangochi tinkaloweza masura athunthu m'Chiarabu, chinenero chimene sitinkachimva, popanda zithunzi kapena nthano. Kubwereza basi, mokweza, m'mawa ndi madzulo. Mpaka lero ndikukumbukira. Ndiye kuloweza wamba musakunyoze.

aMbewe opuma: Ndikugwirizana ndi Che Jafali. Matebulo a masamu amene ana athu ankaimba m'ma 1980 akadali m'mitu mwawo. Masiku ano kuloweza kukuonedwa ngati tchimo, koma mwana wosadziwa 7 kuchulukitsa ndi 8 pamtima amathera mphamvu zonse pa zala, funso lenilenilo n'kuliiwala.

Chisale: Sindikunyoza ayi, ndipo mfundo ya aMbewe ikugwirizana ndi zonse takambazi: chimene waloweza kale sichidya malo m'mutu pamene ukuganiza. Koma Che Jafali ndikufunseni. Munkangowerenga pa bolodi kapena m'buku, kapena munkakalakatula pamaso pa mwalimu osayang'ana?

Che Jafali: Tinkalakatula osayang'ana. Sunkapita patsogolo mwalimu asanakumve. Ndipo akale aja ankatifunsanso pakapita masiku, mwadzidzidzi.

Chisale: Ndiye munkachita zinthu ziwiri zimene kafukufuku amaziyamikira kwambiri: kudzikumbutsa osayang'ana, ndi kubwereza patapita nthawi m'malo mounjika tsiku limodzi. Roediger ndi Karpicke mu 2006 anayerekeza ophunzira owerenga nkhani mobwerezabwereza ndi ena owerenga kenako n'kutseka pepala kuyesa kukumbukira. Patapita mphindi zisanu owerenga mobwereza ankaposa. Patapita mlungu umodzi zinatembenuka, odziyesa aja ndiwo anakumbukira zambiri. Vuto la ana athu ambiri a Fomu 4 n'loti amawerenga notsi kasanu, maso azolowera tsambalo, iwo n'kumaganiza kuti adziwa. Kuzindikira chinthu ukachiona ndi kuchitulutsa wekha m'mutu ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Che Jafali: Pamenepo ndavomera. Koma ndionjezere kuti kayimbidwe kankathandizanso. Ukaphonya liwu, khutu linkamva kuti pena paduka.

Gondwe wa ku Joni: Ndiye ofuna kuona ngati tikupita patsogolo tizidziyesa bwanji? Mndandanda wa khasu uja ndaudziwa kale.

Chisale: Umenewo watha ntchito. Nthawi iliyonse pamafunika mawu atsopano, 15, a maphatikizo awiri kapena atatu, osagwirizana tanthauzo, ndipo akulembereni wina. Muzidziyesa nthawi yofanana ya tsiku, poti munthu wosagona kapena wanjala amapeza ochepa. Muzilemba manambala awiri: amene mwapeza nthawi yomweyo, ndi amene mwapeza mawa lake osayang'ananso. Mukamagwiritsa ntchito malo kapena nthano, dzipatseni masekondi asanu pa liwu lililonse poyamba. Nambala yachiwiriyo ndiyo muziiyang'anira.

Thoko: Pepani ndikubwezereni m'mbuyo. Ndawayesa amayi anga mawu aja, ali ndi zaka za m'ma 70. Ndinachepetsa, ndinawapatsa asanu okha. Anabwereza onse bwinobwino. Titamwa tiyi ndinawafunsanso, sanakumbukire ngakhale limodzi, ndipo anakana kuti sindinawauze mawu alionse. Miyezi yapitayi akumafunsa funso limodzi kangapo, ndipo kawiri konse asiya mphika pamoto. Kumudzi anthu ayamba kale kunong'onezana. Ndili ndi mantha.

Anesi Nangondo: Achemwali, mwachita bwino kulankhula. Ndinali pantchito, ndangowerenga zonse tsopano. Choyamba, mayeso a pagulu pano sangatiuze matenda, ndipo inenso sindinganene kanthu ndisanawaone. Koma zimene mwafotokozazi n'zokwanira kuti mupite nawo kuchipatala. Kuiwala pamene waika makiyi n'kwa tonse. Kufunsa funso lomwelo kangapo osadziwa kuti wafunsa kale, ndi kuiwala zinthu zoika moyo pachiswe ngati moto, zimafuna kuunikidwa.

Mayeso a kuchipatala amachita zofanana ndi zimene mwachitazo. Mini-Cog imapereka mawu atatu, munthu ajambula wotchi, kenako afunsidwa mawu aja. MoCA imapereka mawu asanu n'kuwafunsanso pakapita mphindi zisanu. Palinso ina ya mawu anayi yopangidwira anthu amene ali ndi HIV, imene inayesedwa ku Uganda. Onsewa chimene amayang'ana kwambiri si kubwereza nthawi yomweyo, koma kukumbukira pakadutsa kanthawi. Ndipo amafunika kuwamasulira mosamala, chifukwa munthu amene sanapite kusukulu akhoza kulephera kujambula wotchi mutu wake uli bwinobwino. MoCA yomweyo imawonjezera pointi imodzi kwa amene anaphunzira zaka 12 kapena kucheperapo.

Chisale: Anesi anena zofunika. Kubwereza mawu nthawi yomweyo ndi kuwasunga zimadalira mbali zosiyana za ubongo. Henry Molaison, amene anachitidwa opaleshoni ya khunyu mu 1953 n'kuchotsedwa mbali yaikulu ya hippocampus, chigawo cha ubongo chothandiza kusunga zatsopano, mbali zonse ziwiri, ankatha kubwereza manambala ngati munthu wina aliyense, koma akangocheukira kwina zonse zinkapita. Ndiye kubwereza bwino kwa amayi kusatitonthoze, komanso kusatiopseze tisanamve kwa adokotala.

Thoko: Ndiye kuti ndi matenda aja osachiritsika?

Anesi Nangondo: Musafulumire kufika pamenepo. Pali zinthu zambiri zobweretsa kuiwala zimene zili ndi thandizo. Kusamva bwino ndi chimodzi, munthu sangasunge mawu amene sanawamve bwino. Kukhumudwa kwa nthawi yaitali, makamaka pambuyo pa maliro, kumaoneka ngati kuiwala. Palinso kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, shuga, kuthamanga kwa magazi kumene kumabweretsa timasitiroko ting'onoting'ono, mowa, kusagona, ndi mankhwala ena amene okalamba amamwa. Ngakhale atapezeka kuti ndi matenda oiwalaiwala, kudziwa msanga kumathandiza banja kukonzekera ndi kuwateteza. Mawu anu akuti anthu ayamba kunong'onezana andikhudza, chifukwa tonse tikudziwa zimene agogo ambiri akumana nazo m'midzi mwathu ponamiziridwa ufiti. Agogo akasochera usiku n'kupezeka pakhomo la eni, amenewo ndi matenda. Uzani abale ndi amfumu msanga kuti amayi akuonedwa ndi achipatala.

Chinthu chimodzi chokha chosadikira: ngati atasokonezeka mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, kapena pali kutentha thupi, kugona kwambiri, pakamwa kupotoka, dzanja kufooka, pamenepo ndi kuthamanga nawo tsiku lomwelo.

aMbewe opuma: Mwana wanga Thoko, ndikupemphe kanthu ngati munthu wa msinkhu wa amayi ako. Usamawayese kawirikawiri, ndipo akalephera usamawauze kuti mwaiwalanso. Zimapweteka. Akafunsa kachitatu, ayankhe ngati n'koyamba.

Thoko: Zikomo abambo, ndamva. Anesi, ndipita nawo Lolemba. Nditenge chiyani?

Anesi Nangondo: Kabuku kawo ka kuchipatala, ndi mankhwala onse amene akumwa m'mapaketi ake, kuphatikizapo ogula okha ndi azitsamba. Lembani papepala kuti munayamba kuona kusintha liti, ndi zitsanzo zitatu kapena zinayi ngati za mphika zija. Mulowe nawo limodzi m'chipinda cha adokotala, poti iwo akafunsidwa akhoza kunena kuti ali bwino. Mupemphe kuti awayeze BP, shuga ndi makutu, ndipo ngati ali ndi magalasi a maso asawasiye kunyumba. Kufikira tsikulo, pophika pazikhala munthu wina pafupi.